Nthenda Imene Ndinanamizira Mayi wa ku Limbe

Amake Chisomo, kankhani chitsekocho. Amene mwabwera ndi ana oti amamva kale zinthu, atumeni akasewere kunja. Zimene ndikufuna kunena si za ana.

Ambiri mumandidziwa. Ndine Felesia, amake Tadala, uja ndimagulitsa kachewere ndi kabichi pa Linthipe, cha kumene amaima maminibasi a ku Lilongwe. Kwathu ndi kumunsi kwa Chongoni. Ena mwa inu munalipo tsiku lija ndinamanga chitenje m'chiuno n'kutukwana amuna anga pakati pa msika. Munaona, ena munaseka, ena munajambula pa foni. Zimene munamva tsiku limenelo zinali zabodza. Lero ndabwera kudzanena zoona, chifukwa ndikudziwa kuti m'chipinda muno si ine ndekha amene ndinagula katundu amene ndimutchuleyu.

Musayang'anane. Sinditchula munthu.

Amuna anga ndi a Lekeleni, dalaivala wa lole. Nthawi imeneyo ankanyamula kachewere kuno kupita naye ku Limbe. Ankachoka Lolemba, kubwera Lachisanu. Takhala m'banja zaka khumi ndi zinayi. Titangotha zaka zitatu, anachitapo chibwenzi ndi mtsikana wina wa pa Chimbiya. Nkhaniyo inakambidwa, ankhoswe anakhala pansi, iwo anapepesa, ine ndinati ndakhululuka. Pakamwa ndinakhululukadi. Koma mumtima ndinaisunga nkhaniyo ngati kachewere wa mbewu: ali mumdima, palibe akumuona, koma akuphuka.

Ndiye chaka chatha ndinaona dzina pa foni yawo: "Mayi Kamwendo Limbe." Ankaimba pafupipafupi. A Lekeleni akamayankha ankaseka, ndipo kwa ine kusekako kunkamveka kwachilendo, kuseka kumene ine sanandisekerepo kwa zaka. Ndinawafunsa.

"Ndi kasitomala, amake Tadala," anatero. "Theka la lole yonse amatenga ndi iwowo. Mukufuna ndiziwayankha ndi nkhope yamaliro?"

Sindinakhulupirire. Ndinayamba kununkhiza malaya awo akabwera. Ndinayamba kuwerenga mameseji iwo akusamba. Munalibe kanthu koma za matumba ndi za nthawi yofika, koma ine ndinkati afufuta. Lachisanu lina ndinasiya benchi yanga kwa mnzanga, kukwera minibasi mpaka pa Boma, kukabisala kuseri kwa sitolo ya amwenye a nsalu kuti ndione amene wakhala kutsogolo kwa lole. Lole inadutsa. Kutsogoloko kunali thumba la shuga. Mukuganiza kuti mtima unakhala pansi? Ndinati amutsitsa pa Ntcheu. Ndikapeza kanthu ndinkati ndawagwira, ndikapanda kupeza ndinkati achenjera. Nsanje siluza mlandu.

Mayiyo ndinali ndisanamuonepo, koma ndinkamudziwa kuposa mchemwali wanga. Ndinamupatsa khungu losalala, ndinamupatsa mawigi, ndinamupatsa zala zosang'ambika ndi chisanu ngati zangazi. Ndikamasankha kachewere pa benchi panga ndinkalankhula naye mumtima, kumutukwana, iye n'kumandiyankha.

Nthawi yomweyo mnzanga wina anandilowetsa pagulu lina la pa foni, la amayi okhaokha. Pamenepo pankakambidwa za kuchipinda. Mawu amene ankabwera kawirikawiri anali akuti, "Akazi a m'tauni amadziwa zinthu. Inu mukangokhala kununkha utsi ndi dothi la kudimba, mwamuna adzapita basi." Mawu amenewo ankandibaya ngati minga. Pagulupo panali mayi wina wooda katundu kunja: zovala zamkati, mikanda, mafuta onunkhira. Ankagulitsanso zidole. Osati za ana. Zidole za akuluakulu, zija mkazi amagwiritsa ntchito payekha mwamuna kulibe, kapena awiriwo akagwirizana. Ndikuona ena mwazyolika. Palibe kanthu, ine ndanena kale.

Ndinagula pa zifukwa ziwiri. Choyamba, ndine munthu wamagazi, ndipo mukudziwa mmene kumazizirira kuno mwezi wa Juni, mwamuna kulibe masiku anayi sabata iliyonse. Chifukwa chimenecho sindichita nacho manyazi, sindinapite kwa mwamuna wa mwini. Chachiwiri ndiye chonyansa. Ndinkafuna kubwezera. Ndinkati iwo ali ndi wawo ku Limbe, nanenso ndikhale ndi changa kuno chimene sadzachidziwa. Ndinkafunanso kudziwa zimene akazi a m'tauniwo amadziwa, kuti mayi uja asandipose.

Panali zamitundumitundu. Ndinasankha chotchipa. Chinabwera m'jumbo lakuda, popanda bokosi, popanda kapepala, popanda dzina la amene anachipanga. Chinali chofewa kwambiri, chonyezimira ngati switi, ndipo chikagwidwa chinkamata m'manja. Nditangomasula jumbolo fungo linandigunda m'mphuno, ngati nsapato zapulasitiki zatsopano zimene zakhalitsa padzuwa, kusakaniza ndi perefyumu. Ndinamufunsa wogulitsayo. Anati, "Asisi, ndiye kuti n'chatsopano chimenecho. Chosanunkha ndiye muzichikayikira."

Ndinkachibisa m'jombo yakale ya a Lekeleni, m'kachipinda kosungira mbewu, mwachinyezi muja. Kutsuka ndinkatsuka, ndi sopo waufa wochapira zovala. Fungo litakana kuchoka ndinayamba kuthirako bulichi, mankhwala oyeretsera zovala aja. Pofuna kufewetsa ndinkapaka mafuta odzola wamba. Ndikunena zonsezi mwadala, kuti amene mukuchita zomwezi mudzimve.

Sabata ziwiri sizinathe. Kunayamba kuyabwa, kenako kuotcha ngati munthu wakupaka tsabola wa kambuzi. Kunatupa. Pokodza ndinkachita kuluma chitenje. Kenako tizilonda, ndi chikazi cha fungo. Pa benchi sindinkatha kukhala pansi. Ndinkagulitsa chiimirire tsiku lonse, anzanga n'kumati amake Tadala alimbikira bizinesi chaka chino.

Tsopano mverani uchitsiru wanga. Chidolecho ndinkachigwiritsa ntchito pakati pa sabata. Ululu unkafika poipa Lachisanu kapena Loweruka, a Lekeleni atabwera. Munthu aliyense wamaganizo akanatha kuona pamene payambira vuto. Ine ndinaona chimodzi chokha: abwera ndi matenda a ku Limbe. Ndipo ndikuuzeni zoona, amayi, pakati pa ululu wonsewo mtima wanga unasangalala. Ndinati tsopano umboni ndaupeza, uli m'thupi mwangamu.

Kuchipatala sindinapite. Ndinagula mizu ndi ufa wina woika kumunsi kwa mayi wina wa pamsika. Zinangoonjeza moto. Kenako ndinakopera nambala ya Mayi Kamwendo n'kuwaimbira. Atangoti "Halo," ndinayamba. Mawu amene ndinanena sindingawabwereze muno. Atadula, ndinatumiza mavoisi otsatizana. Ndinawatchula hule, ndinati andipatsira chindoko kudzera mwa amuna anga. Sindinkadziwa kuti foni imeneyo ndi ya bizinesi, imakhala pa tebulo, ndipo amuna awo ndiwo anayamba kumvera.

Lachisanu lake lole itangoima pa Linthipe, munaona nokha. Ndinakwera pa matumba. Ndinakuwa kuti msika wonse umve kuti a Lekeleni andipatsa matenda. Iwo anangoima, makiyi m'manja, nkhope ili mbuu. Sanandimenye, sananditukwane. Anangoti, "Felesia, tsika." Zaka zonsezi anali asananditchulepo dzina pagulu. Pofika Lolemba mwini lole anali atawalanda makiyi, chifukwa a ku Limbe anati sadzalandiranso katundu wobwera ndi dalaivala ameneyo.

Ankhoswe atakhala pansi, a Lekeleni ananena mawu ochepa. "Kale ndinalakwa, ndipo ndinavomera. Izi sindikuzidziwa. Tipite kuchipatala tonse awiri. Akandipeza nazo, mundichite chimene mukufuna."

Tinapita. Tinapeza anamwino achikulire, a Nankhoma, ovala magalasi. Anatiyeza magazi tonse: kachilombo palibe, chindoko palibe. A Lekeleni anawaona a dokotala, osawapeza ndi chizindikiro chilichonse. Ine a Nankhoma anandiyeza kuseri kwa katani, kenako anawauza a Lekeleni kuti adikire panja.

"Amayi," anatero, "matenda a fangasi alipo, aja ena amati mauka, ndipo amenewo mkazi amatha kudwala popanda mwamuna. Koma khungu lanuli lapsa. Likuoneka ngati lakhudzana ndi chinthu chimene silikugwirizana nacho. Kupatula abambo, pali china chimene chimafika kumeneku?"

"Palibe."

"Sopo? Mizu? Chilichonse?"

Ndinavomera za mizu basi. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nthawi yaitali. "Chabwino. Mizuyo musiye. Mankhwala awa. Mukakumbukira china, ine ndimapezeka Lachiwiri ndi Lachinayi."

Potuluka ndinawauza a Lekeleni kuti mwina anamwa mankhwala mobisa ku Limbe, n'chifukwa chake sanawapeze ndi kanthu. Titafika kunyumba analongedza chikwama n'kupita kwa achimwene awo ku Mphunzi.

Mankhwala anagwira. Patapita sabata zitatu ndinali bwinobwino, ndipo mumtima ndinati, mwaona, achoka iwo, matenda nawo achoka. Tsiku lina ndinapitanso ku jombo ija.

Kutacha, moto unali utabwerera, woposa poyamba.

Apa ndiyende pang'onopang'ono, chifukwa m'pamene zinthu zinatembenukira.

Ndinadzuka ndikulephera kuyenda. Kunja kunali chifunga, phiri losaoneka n'komwe. Ndinayamba kufunafuna woti ndimunene. A Lekeleni anali ku Mphunzi, sabata zitatu osaponda pakhomo. Mayi Kamwendo anali ku Limbe. Ndinayesa kuganiza za ufiti, kuti mwina anditumizira, ndipo maganizo amenewo ndinawagwira kanthawi ndithu chifukwa anali okoma. Koma sanakhalitse. Ndinadzikoka mpaka m'kachipinda ka mbewu, kutenga jombo ija, kutuluka nayo pakhonde la kuseri. Chigulireni chidolecho ndinali ndisanachiyang'anepo powala. Ndinkachitenga mwakuba, kuchibweza mwakuba.

Chinakana kutuluka. Chinali chitamatirira ku labala wa jombo, ndipo nditakoka, mbali ina inatsala mkatimo ngati chingamu. Pamene chinagona panali mafutamafuta. Mtundu wake unali utasintha, chitayera mwa apo ndi apo. Nditachipinda ndinaona timing'alu tambirimbiri, ndipo m'timing'alumo munali timadontho takuda, ngati chuku chimene chimagwira chimanga chosauma. Ndinapala ndi chikhadabo, osachoka. Zinali mkati.

Ndinakhala pansi, pasimenti pozizira. Sindinalire msanga. Chimene chinandibwerera chinali nkhope ya a Lekeleni pa Linthipe. Munthu uja anaima pakati pa anthu n'kusenza manyazi a chinthu chimene chinali m'jombo yake yomwe, iye osadziwa. Ndipo mayi wa ku Limbe uja, amene ndinkakangana naye mumtima tsiku lililonse, kwa nthawi yoyamba anakhala chete. Analibe mlandu. Amayi, kudwala kunandipweteka, koma kupeza kuti mdani wanga alibe mlandu kunandipweteka koposa. Ndinkafuna akhale wolakwa. Akanakhala wolakwa, ine ndikanakhala munthu wolakwiridwa, womvetsa chisoni. Tsopano ndinali munthu wabodza amene waononga anthu.

Linali Lachinayi. Ndinachikulunga m'nyuzipepala, kuika m'jumbo, pamwamba kuikapo makabichi awiri. Panjira ndinabwerera kawiri. Pamlatho ndinaima n'kuganiza zongochiponya m'madzi, nkhani ithere pomwepo, a Lekeleni akhalebe olakwa mpaka kalekale. Koma ululu sunkandilola kuima nthawi yaitali. Ndinapitirira.

A Nankhoma atandiona anangoti, "Mwakumbukira?"

Ndinaika jumbolo pa tebulo n'kuyang'ana khoma. Ndinkadikira kuti aseke kapena aitane anzawo adzaone. Anachotsa makabichi, kuwaika pambali bwinobwino, kuvala magolovesi. Anachitembenuza, kununkhiza chapatali, kuchiika pa pepala loyera. Atachinyamula, papepalapo panatsala banga la mafuta.

"Mwaona ichi?" anatero. "Pulasitiki wamtunduwu payekha ndi wolimba. Kuti afewe chonchi amathiramo mankhwala, ndipo mu zotchipazi mankhwalawo sakhazikika, amatuluka pang'onopang'ono. Fungo lija ndi iwowo. Kumata kuja ndi iwowo. Khungu la kumunsi ndi lopyapyala ngati la m'kamwa. Chinthu chonunkha chonchi mungachiike m'kamwa?"

Ndinapukusa mutu.

"Komanso chili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ngati siponji. Tizilombo tikalowa sitituluka, kaya mutsuke bwanji. Inu munkachira, n'kukatenganso pomwepa. Bulichi ndi sopo waufa zinkalowanso momwemo n'kumakuotchani, uku zikuching'amba."

"Ndiye muli poizoni wanji?" ndinafunsa.

"Sindikudziwa, ndipo sindikunamizani. Makina oyezera zimenezi kuno tilibe. Wogulitsayo nayenso sakudziwa. Vuto lake ndi limenelo. Chinthu chopanda dzina, chopanda pepala, palibe woti mumufunse."

Pamenepo ndinayamba kulira. Anandisiya mpaka nditatonthola, kenako anati, "Amayi, simuli oyamba kundibweretsera jumbo. Kukhala ndi chilakolako si matenda. Za kuchipinda kwanu ndi za inu, chikumbumtima chanu ndi abambo akunyumba. Ine ntchito yanga ndi yoti thupi lisaonongeke."

Anandipatsa mankhwala ena, nati ndipumitse thupi mpaka zilonda zitapola, ndizibwera azindiona. Chidolecho anachiponya m'ndowa yawo ya zinyalala. Makabichi anandibwezera.

Thupi linali losavuta kuchiritsa. Chovuta chinali Mphunzi.

Ndinawapeza a Lekeleni kudimba kwa achimwene awo, akupalira anyezi. Dalaivala wa lole, khasu m'manja. Ndinagwada m'mphepete mwa mzere. Ndinanena zonse, kuyambira pa gulu la pa foni mpaka pa pepala la a Nankhoma. Anamvetsera atatsamira khasu. Nditamaliza anandifunsa:

"Ndiye ntchito yanga yatha chifukwa cha pulasitiki?"

"Chifukwa cha ine, bambo a Tadala. Pulasitikiyo sanaimbe foni."

Anaseka, koma kuseka kowawa. Kenako nkhope inasintha. Anayang'ana kumene kunali achimwene awo, n'kutsitsa mawu. "Ine ndinali wosakwana?"

Funso limenelo sindinaliyembekezere. Ndinaona m'maso mwawo chinthu chomwe chija chinandidya ine chaka chonse, chikuyamba kumera. Ndinawauza kuti ayi. Ndinawauza kuti ndinkasungulumwa, kuti ndinkapsa mtima, kuti nkhani ya pa Chimbiya sindinaitaye ngakhale ndinati ndataya. Zaka khumi ndi chimodzi ndinali ndisanawauzepo zimenezo.

Anati, "Pamene unandinyozera, ukandiyeretsere pomwepo. Ndipo ku Limbe upite wekha."

Pamsika ndinaima pamalo omwe aja, tsiku la msika. Ndinati, "Amuna anga sanandipatse matenda. Ndinanama. Kuchipatala anawapeza alibe kanthu." Amene anamva anali ochepa kuyerekeza ndi amene anamva kutukwana, ndipo palibe anajambula.

Ku Limbe ndinakwera basi. Mayi Kamwendo ndinawapeza m'shedi yawo, pakati pa matumba. Ndikanakonda kukuuzani kuti anali nkhalamba yopanda mano. Ayi. Ndi mayi wokongola, wooneka bwino kuposa mmene ndinkawaganizira. Ndipo ngakhale ndinapita kukapepesa, nditangowaona, kanthu kaja ka nsanje kanadzukanso m'mimba, kakuti, "Waona? Mkazi ngati uyu, mwamuna angamudutse?" Ndinachita kudzitsina.

Anandimvera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Amayi, ndamva. Kukhululuka ndakhululuka, chifukwa ndimapemphera. Koma mudziwe chimene munachita. Amuna anga chimvereni mavoisi anu aja, sandikhulupiriranso. Foni yanga amasunga ndi iwo. Ndikaseka ndi dalaivala aliyense, kunyumba kuli mlandu. Ine ndinali ndi banja lamtendere. Amuna anu asadzabwerenso kuno ndi katundu. Si kuti ndikudana nawo ayi, ndikuteteza zotsala."

Ndinapempha kuti ndilankhule ndi amuna awo. Anavomera. Bambowo anamvetsera, nati zikomo, koma nkhope yawo sinasinthe. Nthenda yanga yeniyeni ndinali nditaitumiza kale ku Limbe pa foni, ndipo inali itagwira munthu. Chimenecho sindinathe kuchikonza, ndipo mpaka lero chimandilemera.

Wogulitsa uja nditamuuza, anati thupi langa ndi lachimidzi, silinazolowere. Nditalemba pagulu kuchenjeza anzanga, anandichotsapo. Koma sabata yomweyo amayi awiri anabwera pa benchi panga, aliyense payekha, kunamizira kugula kabichi, n'kufunsa monong'ona kuti kuyabwako kunayamba bwanji.

Ndiye tamverani zimene ndinaphunzira, ndi thupi langa komanso kwa a Nankhoma.

Ngati muli nacho, ndipo chikununkha pulasitiki, chikumata, chikusiya mafuta, chasintha mtundu kapena chang'ambika, chitayeni. Osachiotcha pa mbaula m'nyumba, utsi wake si wabwino. Ngati mwadwala nacho, pitani nacho kuchipatala akachione. A Nankhoma anati zimene zilibe timabowo ndi za silikoni weniweni, za galasi lolimba lopangidwira ntchitoyo, kapena za chitsulo chosachita dzimbiri. Zimenezo sizinunkha, zimatsukika, ndipo zimabwera m'bokosi lolembedwa chimene anapangira. Koma anachenjezanso kuti bokosi limatha kunama. Ndiye ngati mukukayika, vekani kondomu yatsopano nthawi iliyonse. Pa kondomu musapake mafuta odzola kapena ophikira, amaiboola. Pali mafuta ake osungunuka m'madzi, funsani ku famase kapena kuchipatala.

Kutsuka ndi madzi ofunda ndi sopo wosanunkhira, musanagwiritse ntchito ndiponso mukamaliza. Muumitse bwinobwino, musunge pouma, m'kansalu koyera, osati m'jombo ngati ine. Osabwerekana, ngakhale ndi mchemwali wanu wa bere limodzi. Ndipo thupi likangoyamba kuotcha kapena kuyabwa, siyani pomwepo. Osaika mizu, osathira mandimu, osatsuka mkati ndi sopo. Pitani kuchipatala, ndipo mukafika nenani zonse. Ine ndinadwala kawiri, amuna anga n'kuchoka pakhomo, chifukwa cha liwu limodzi lakuti "palibe."

Ndisakunamizeni, nthawi zina ndi mwamunadi amene wabweretsa matenda. Zimachitika, ena muno mukudziwa. N'chifukwa chake mukayezetse nonse awiri. Koma yezetsani kaye. Zokwera pa matumba zibwere pambuyo, ngati zidzafunike n'komwe.

Za nsanje ndiye a Nankhoma alibe mapiritsi. Ndinapita kwa azakhali anga, amene ndi ankhoswe a mbali yanga, tinaitana a Lekeleni, tinakambanso nkhani yakale ija mpaka pansi pake. Ndinafunsa mafunso amene ndinkaopa kufunsa, iwo anayankha, ena mwa mayankhowo anali owawa. Koma chowawa chimene wachimva ndi makutu chimatha. Chimene sichitha ndi chopeka wekha. Pano ndikamva kanthu kaja kakudzuka, ndimakanena tsiku lomwelo: "Bambo a Tadala, lero ndachita nsanje." Poyamba ankakwiya. Masiku ano nthawi zina amangofunsa, "Ndi ndani lero?" n'kundifotokozera. Sikuti katha. Kamadzukabe, koma sikagonanso m'mimba sabata yathunthu.

A Lekeleni anabwerera kunyumba patapita miyezi iwiri. Pano amayendetsa kalole kakang'ono ka munthu wina, kopita ku Lilongwe n'kubwerera tsiku lomwelo. Sizili ngati kale. Masiku ena amangokhala chete, ndipo ndimadziwa kuti akukumbukira. Madalaivala anzawo ena mpaka lero akamadutsa amawakuwiza dzina la matenda aja, matenda amene sanadwalepo. Ndisanabwere kuno ndinawapempha chilolezo, chifukwa manyazi awa ndi athu tonse awiri. Anaganiza tsiku lonse. M'mawa uno akumanga nsapato anati, "Pita ukanene. Koma unene zonse, usadzikometse."

Ndanena zonse.

Lachiwiri likubwerali ndi tsiku langa lokaonedwa komaliza. Ndidzakhala pa benchi ya panja pa chipatala kuyambira m'mawa. Amene mukuopa kulowa nokha, simufunika kundiuza kanthu, ngakhale moni musandipatse. Ingodzakhalani pambali panga. Akakuitanani tidzanyamuka limodzi, ndipo pakamwa pakadzauma, liwu loyamba ndidzakunenerani ine.